Kutseka bowo pakhoma musanapake penti

Kumapeto kwa mwezi foni yanga sipuma. Anzathu amakhala akusamuka, uyu akuchoka ku Rosettenville kupita ku Turffontein, uyo wapeza chipinda chotchipirako ku Yeoville, ndipo onse funso ndi limodzi: "Achimwene, ndazula TV pakhoma, patsala mabowo anayi, landilodi akubwera Loweruka. Ndigule chiyani?" Amafuna ndingowatchulira dzina la chinthu chimodzi, athamangire kuhadiweya, amate, apake penti, nkhani ithe. Ine ndimayamba ndawafunsa kuti khomalo ndi lamtundu wanji, ndipo ambiri pamenepo amangoti zii.

Ndapenta nyumba zambiri kuno ku Johannesburg, ndipo chimene ntchitoyi yandiphunzitsa n'chakuti penti sabisa kanthu. Kumudzi tinazolowera kuzira, pamene dothi lokhathamira limakwirira zonse, mng'alu, kanjira ka chiswe, zonse zimatsala pansi. Penti ndi wopyapyala kuposa pepala. Pakakhala kadzenje amatsikiramo, pakakhala kachulu amakwera nako, ndipo akauma, makamaka wonyezimira uja, amachita kukulozerani kuti wina anamatapo apa. Kumata kwenikweniko sikutha mphindi zisanu. Chimene chimadya nthawi ndi zija mumachita musanamate ndi zija mumachita mutamata.

Ineyo ndinaphunzira mowawa. Chaka changa choyamba, ndikuyenda pambuyo pa amalume amene anandiitana kuno, tsiku lina anandisiya ndekha m'filati ina ku Berea. Pakhoma la pabalaza panali bowo pamene wina anazula chitsulo cha TV mwankhanza, pulasitala atagumuka mpaka njerwa kuonekera, nkhonya ya mwana kumalowa bwinobwino. Ndinakanda ufa womatira wambiri, kudzaza kamodzin'kamodzi, kusalaza, masana n'kupaka penti. Madzulo pankaoneka bwino moti ndinajambula chithunzi. Patapita masiku awiri amalume ananditengera komweko, anazimitsa getsi, n'kugoneka tochi ya foni pakhoma kuti kuwala kuyende chogona. Pakati pa chigambacho panali patalowa ngati mbale, mng'alu utazungulira m'mphepete monse. Anakanikizapo chala chachikulu, chala n'kulowa. Mkati munali mukadali phala.

"Mphwanga, nsima yako yapsa pamwamba pokha," anatero. "Gumula."

Tsiku limenelo sindinalandire kanthu, ndipo sindinadandaule.

Nanga khoma mungalidziwe bwanji? Gogodani ndi chogwirira cha sikuludiraiva, kenako kandani mkati mwa bowolo ndi msomali. Nyumba zambiri za kuno n'zanjerwa, pamwamba pake pulasitala wa simenti ndi mchenga wokhuthala cha m'ma 10 mpaka 15 milimita. Limeneli likagogodedwa limayankha mouma, ndipo fumbi lake ndi lotuwa, lamchenga m'zala. Mkati mwa nyumba zambiri, pamwamba pa simentiyo amapakanso kansalu kopyapyala ka gypsum, kamene amisiri amangoti RhinoLite kapena Cretestone, kuti khoma lisalale ngati mbale. Fumbi la kameneka ndi loyera, lofewa ngati ufa woyera. Ndiye pali makoma a bolodi, RhinoBoard, amene amalira ngati chigubu chopanda madzi. Amenewa adzaza m'tauni, m'nyumba zosanja zimene kale zinali maofesi, komanso m'nyumba zikuluzikulu za ku Yeoville ndi ku Berea zimene eni ake anazigawa tizipindatizipinda kuti alendi achuluke. Mtundu wina ndi wa m'nyumba zakalekale za ku Troyeville, ku Kensington, ku Bez Valley ndi ku Mayfair, zina zomangidwa zaka zoposa 100 zapitazo. M'menemo mumapezeka pulasitala wa laimu, wofewa, amene mukamukanda amangoyoyoka, kabowo ka msomali n'kusanduka chikhatho.

Chisanalowe chitsulo chilichonse m'khoma, yang'anani pamene pali pulagi kapena switchi. Mawaya a magetsi amayenda m'timapaipi tokwiriridwa mu pulasitala, nthawi zambiri molunjika kuchoka pa pulagi kukwera kusiling'i, ndipo magetsi a kuno ndi a 230 volts. Ngati bowo lili pamzere umenewo, pitani pa DB, bokosi lija la maswitchi a nyumba yonse, muzimitse kaye. Khoma lakuseri kwa bafa kapena kwa sinki nalonso limabisa mapaipi a madzi.

Funso lachiwiri ndi lakuti bowolo linabwera bwanji. La msomali, la sikuluu, la chogwirira chitseko chimene chinamenya khoma, amenewa alibe nkhani, wolakwa akudziwika. Koma ngati pulasitala anagwa yekha, kapena penti anayamba watukusira n'kumatuka, imani kaye. Nthawi zambiri ndi chinyezi. Chikakhala chochokera pansi chimaoneka m'munsi mwa khoma, kawirikawiri osapyola mita imodzi, ndipo pamatuluka tinthu toyera ngati mchere. Chikakhala pamwamba, kayang'aneni denga, ngalande za padenga zimene zimatsekeka ndi masamba ndi matalala a mvula ya kuno, kapena giza wodontha m'siling'i. Kumata pakhoma lonyowa n'kutaya ndalama, makamaka ndi zinthu za gypsum, chifukwa gypsum akakhalitsa m'chinyezi amafewa n'kufumbutuka. Limeneli ndi vuto la mwini nyumba, ndipo mumuuze polemba, osati pakamwa pokha.

Gogodaninso mozungulira bowolo. Pena pulasitala amaoneka wabwino koma analekana kale ndi njerwa, ndipo pamalira mopanda kanthu mkati. Pamenepo palibe kuchitira mwina, gumulani mpaka pamene wagwira. Apa ndi pamene anthu ambiri manja amawalemera. Wabwera kudzatseka bowo, ndiye ukumuuza alikulitse? Eya. Chomatira chimagwira pa chinthu cholimba basi. Mukachimata pa pulasitala woyoyoka, chidzagwa limodzi ndi pulasitalayo.

Ngakhale kabowo ka msomali ndimakakulitsa pang'ono ndi nsonga ya sikirepa. Msomali ukamatuluka umatukula penti m'mphepete, pamatsala kamlomo kotumphuka, ndipo mukangomata osakachotsa, kamlomoko kamaonekera pansi pa penti watsopano. Ndimakapala, kapena kukakanikizira mkati ndi chogwirira cha sikirepa. Msomali wothyokera mkati uzulidwe, apo ayi ukhomeredwe mkati ndithu, chifukwa chitsulo chikakumana ndi madzi a chomatira chimachita dzimbiri, ndipo kadontho kofiirira kadzatuluka pa penti woyera patapita milungu. Mapulagi apulasitiki aja amene amagwira sikuluu ali ndi njira yake: bwezerani sikuluu m'katimo, mupotokole katatu kapena kanayi kokha, kenako kokani sikuluuyo ndi pulaya kapena ndi mano a hamala, mutaika kathabwa pansi pa hamalayo kuti isaphwanye khoma. Akakana, dulani mutu wake ndi mpeni n'kumukhomera mkati kuti atsale pansi pa nkhope ya khoma. Kumata pamwamba pa pulagi wosuzumira n'chimodzimodzi kufunda bulangeti miyendo ili kunja.

Bowo lokulirapo ndimalisema m'mphepete kuti mkati mutambalale pang'ono kuposa pakamwa. Likatero chomatira chikauma chimakhala ngati chatsekeredwa, sichingatuluke.

Tsopano fumbi. Limene latsala m'bowo limakhala pakati pa khoma ndi chomatira ngati ufa umene amayi amawaza pathebulo kuti mtanda wa mandasi usamatirire. Sesani ndi bulashi youma, osati kuuzira ndi pakamwa maso ali pompo. Mukatero nyowetsani. Pulasitala wa simenti ndi njerwa zouma zili ndi ludzu, ndipo zimayamwa madzi a chomatira chisanagwire. Kuti mumvetse chifukwa chake izi zili zoopsa, dziwani kuti zomatira za ufa, zija aliyense kuno amangoti Polyfilla ngakhale zitakhala za kampani ina, siziuma ngati chovala padzuwa. Zambiri zili ndi gypsum wowotchedwa, amene anachotsedwa madzi ake kufakitale. Mukathira madzi, ufawo umawatenganso n'kubwerera kukhala mwala. Madziwo ndi mbali ya mwalawo. Khoma likawalanda msanga, kusinthako kumathera panjira, ndipo m'mphepete mwa chigamba mumatsala ufa wosagwira. Mpweya wa Johannesburg umawonjezera vutoli. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira May mpaka August kumauma moti milomo imang'ambika. Bulashi yonyowa kawiri m'bowo ndi yokwanira, pakhale chinyontho koma pasamayenderere madzi. Pamene pulasitala ali wofumbutuka, monga m'nyumba zakale zija, madzi okha sakwana. Pamafunika bonding liquid, amene amalowerera n'kumanga timchenga tija pamodzi, ndipo mumudikire aume monga chitini chanenera.

Kuhadiweya, kaya ndi ku Builders, ku Cashbuild kapena timasitolo tija ta amwenye ta ku Fordsburg, mupeza zomatira za mitundu iwiri. Za ufa, zimene ndafotokozazi, zimaphwa pang'ono kwambiri ndipo zimalimba mpaka mkati, bola musadzaze bowo lalikulu kamodzin'kamodzi. Zosakaniza kale, za m'kachigubu kapena m'chubu, zimauma chifukwa madzi auluka, motero zimaphwa, ndipo m'bowo lakuya pamwamba pamauma n'kutsekera madzi mkati. Za m'kachigubuzi n'zabwino pa timabowo ta misomali ndi pomalizira. Bowo likapyola kuya kwa chikhadabo, ine ndimatenga ufa. Onaninso ngati palembedwa kuti ndi za mkati kapena za panja. Za panja zimakhala ndi simenti, zimapirira mvula, koma n'zolimba kukwecha.

Pali zina zimene ndimazipeza m'mabowo zondiseketsa ndi kundikwiyitsa pamodzi: mankhwala otsukira mano, sopo, nyuzipepala yotafunidwa, Prestik. Mankhwala a mano amaphwa n'kusweka. Prestik, uja womatira mapepala pakhoma, amasiya mafuta amene amabowola penti. Choipitsitsa ndi silikoni, chifukwa penti sagwirapo ngakhale mutapaka kasanu, amangothawa ngati madzi patsamba la koko, ndipo wobwera pambuyo panu ayenera kuyamba wakumba.

Pokanda, chiwiya chikhale choyera ndipo madzi akhale aukhondo. Zotsalira za dzulo zikakhala m'chiwiya zimafulumizitsa zatsopano kugwira, mungodabwa zalimba musanafike pakhoma. Mulingo wa madzi uli papaketi, koma dzanja limadziwa: zikhale ngati chiponde, zopanda mibulu, zoti mukatapa pa sikirepa n'kuitembenuza sizikugwa. Kandani zochepa, zimene mungamalize mwamsanga, chifukwa zikayamba kugwira sizidikira. Ndipo zikayamba kulimba m'chiwiya musawonjezere madzi kuti zifewe. Mwala umene unayamba kupangika mwauphwanya, ndipo ngakhale zimatike bwino, sizidzalimbanso. Tayani, kandani zina. Musatsukire zotsala m'sinki, zimakalimbira m'paipi.

Pomata, sikirepa ikanikize kuti chomatira chilowe mpaka pansi pa bowo, osati kungotseka pakamwa mkati mutatsala mphepo. Pitani chopingasa, mubwerere chotsika, kenako kokani kamodzi mwamphamvu kuchotsa zapambali. Bowo lakuya lidzazidwe pang'onopang'ono. Ine sindipyola sentimita imodzi pa ulendo umodzi, ndipo gawo loyamba ndimalikanda timizere ndi msomali lisanalimbe kuti lachiwiri lipeze pogwira. Gawo lomaliza likhale lopyapyala, lopakidwa ndi sikirepa yotambalala kuposa bowolo, kuti mbali zake ziwiri zitsamire pakhoma labwino n'kukupatsani mulingo. Litumphuke pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa pepala. Anthu ena amasiya chulu poganiza kuti adzakwecha. Adzakwechadi, theka la tsiku, nyumba yonse itayera fumbi, ndipo sandipepa adzadyanso penti wozungulira.

Bowo lija la ku Berea silinali la ufa wa papaketi n'komwe. Pamene njerwa zaonekera ndipo malo ake ndi aakulu kuposa chikhatho, bwezerani chimene chinalipo: simenti ndi mchenga wa pulasitala, gawo limodzi la simenti pa magawo anayi kapena asanu a mchenga. Musaganize kuti simenti wambiri ndiye ubwino. Matope onona kwambiri amaphwa kwambiri ndipo amang'ambika. Pakhoma la laimu ndiye koposa, chigamba cholimba pakhoma lofewa chimadzipatula m'mphepete, choncho m'nyumba zakale matope akhale ofewerapo. Nyowetsani njerwa, ponyani matope mwamphamvu kuti amatirire, palani ndi kathabwa kowongoka, koma musiye patalowa mamilimita awiri kapena atatu kuti mudzamalize ndi chosalala. Simenti naye amalimba ndi madzi, choncho muzimuwaza kwa masiku angapo, makamaka m'mphepo ya August. Ndipo musasakanize simenti ndi gypsum m'chiwiya chimodzi. Alipo amisiri amene amatero kuti matope agwire msanga. Zinthu ziwirizi zikakumana ndi chinyezi zimamenyana, chigamba chimafufuma n'kusweka, mmisiri atadya kale ndalama yake.

Chovuta cha simenti ndi kudikira. Opanga penti ambiri amanena masiku 28 kuti pulasitala watsopano akonzeke kulandira penti. Chigamba chaching'ono chimauma msangako, komabe si nkhani ya mawa. Simenti watsopano ndi waukali, amawotcha penti, mtundu umasuluka, ndipo penti wamafuta amasanduka nsopo n'kumatuka. Choncho ngati mukudziwa kuti mutuluka kumapeto kwa mwezi, bowo lalikulu liyambeni tsiku lomwe mwapereka notisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chigamba chikauma, chimasintha mtundu kukhala choyera mofanana ponse, ndipo mukachikhudza ndi kuseri kwa dzanja sichizizira. Pamenepo kwechani. Sandipepa akulungidwe pakathabwa, chifukwa zala zokha zimakumba timigula. Wa nambala 120 amachotsa zotumphuka, wa 180 kapena 220 amasalaza. Tsekani maso muyendetse chikhatho: chimene maso aphonya, chikhatho chimachimva. Kenako tochi ija, yogoneka pakhoma m'chipinda chamdima. Mukapeza timaenje ta mphepo, pakaninso kopyapyala. Si manyazi kubwereza katatu.

Pa fumbi ndinenepo mawu, chifukwa anyamata athu ambiri amagwira ganyu wopanda chophimba kumphuno. Malamulo oletsa mtovu wambiri mu penti wa m'nyumba anabwera m'dziko muno mu 2009, ndipo asbestos analetsedwa mu 2008. Nyumba zambiri zimene timachita lendi n'zakale kuposa pamenepo. Penti wakale wamafuta, makamaka pazitseko, m'mafelemu ndi m'makoma a kukhitchini, akhoza kukhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Mabolodi akale otuwa, olimba ngati simenti, a m'siling'i ndi m'mphepete mwa denga, akhoza kukhala a asbestos, ndipo amenewo sakwechedwa kapena kudulidwa. Valani masiki, ana ndi amayi oyembekezera atuluke, ndipo fumbi lipukutidwe ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa.

Ming'alu ili ndi nkhani yakeyake. Yaing'ono ngati tsitsi, yoyenda uku ndi uku ngati ukonde, ndi ya pulasitala amene anauma mofulumira. Itseguleni ndi ngodya ya sikirepa kuti chomatira chipeze polowa, sesani, nyowetsani, matani. Umene umabwerabwera pamalo amodzi umafuna tepi ya ukonde ija yomatirira, yokwiriridwa m'chomatira. Pamene khoma lakumana ndi felemu ya chitseko kapena ndi siling'i, zinthu ziwirizo zimafutukuka mosiyana kukatentha ndi kukazizira, choncho chomatira cholimba chimasweka. Pamenepo pamafunika acrylic wa m'chubu, wofewa, amene amalola penti. Koma mng'alu woyenda chopendekera kuchokera pangodya ya zenera kapena ya chitseko, kapena wotsatira njerwa ngati masitepe, umene ndalama yachitsulo ikulowa, ndipo chitseko chayamba kukanirira, umenewo si wa pulasitala. Maziko akuyenda. Madera ena a Gauteng ali ndi dothi lamakande limene limafufuma mvula ikagwa n'kuphwa m'chilimwe, ena ali pamwala wa dolomite umene madzi amausungunula pansi, ndipo dziko la migodili limagwedezeka nthawi zina, monga chivomerezi chija cha ku East Rand mu June 2023. Mng'alu wotero ujambuleni, muuze mwini nyumba, aitane injiniya. Mukaumata mwangobisa umboni.

Khoma la bolodi ndi losiyana chifukwa kuseri kulibe kanthu. Mukakankhiramo chomatira chimangogwera mkati, paketi yonse ikhoza kuthera m'menemo. Bowo la chogwirira chitseko ndimalidula kukhala la ngodya zinayi ndi mpeni wakuthwa, nditasuzumiramo kaye ngati mulibe waya. Ndimalowetsa kathabwa kotalika kuposa bowolo, kukagwira kuseri, n'kukamanga ndi masikuluu awiri kudzera pa bolodi labwino, pamwamba ndi pansi, mitu yake italowa pang'ono. Pakathabwapo ndimamangirira kachidutswa ka bolodi kodulidwa molingana ndi bowo. Kukhuthala kufanane: la m'makoma nthawi zambiri ndi la 12.5 milimita, la m'siling'i 6.4. Pamalumikizidwe pamapita tepi, kenako chomatira cha bolodi monga RhinoGlide, katatu, ulendo uliwonse motambalala kuposa wapitawo, kuti katumphu ka tepi kasungunukire m'khoma pang'onopang'ono. Mukamaliza, khomani kamphira koimitsa chitseko pansi, apo ayi mudzabwereranso.

Tafika pamene ambiri amagwera ataona kale kumudzi. Chigamba chasalala, chala sichikumva kanthu, munthu n'kutsegula chitini cha penti. Akapaka, chigambacho chimaonekabe, chothimbirira pakati pa khoma lowala. Chifukwa chake ndi ludzu lomwe lija. Penti wakale samwa kanthu, chomatira chimamwa, ndiye penti watsopano amauma mosiyana pamalo awiriwo ndipo kuwala kumabwerera mosiyana. Mankhwala ake ndi plaster primer, wopakidwa pachigamba mutapukuta fumbi lonse, wopyola pang'ono m'mphepete. Iye amatseka ludzulo, amamanga fumbi lotsala, ndipo pa simenti amatchinga ukali uja. Pa kabowo ka msomali kamodzi, penti yemweyo wosungunulidwa pang'ono ndi madzi akhoza kuchita. Pa chigamba chachikulu, kapena pa RhinoLite, kudumpha primer n'kudzinamiza, penti adzasupuka ngati khungu la njoka.

Dziwaninso penti amene alipo kale. Nyowetsani kansalu ndi methylated spirits mupukute pakona. Penti akatsalira pansalu, ndi wamadzi, PVA kapena acrylic. Akapanda kutsalira, ndi wamafuta, ndipo wamadzi sagwira pa wamafuta pokhapokha mutakwecha kuchotsa kunyezimira n'kupaka penti wapansi wotchedwa undercoat. Khoma la kukhitchini, limene lamwa utsi wa mafuta ndi wa palafini, litsukidwe kaye ndi sopo wotsukira makoma wotchedwa sugar soap.

Pali kanthu kena kamene kanandivutitsa zaka. Chigamba chokwechedwa bwino chimasalala kuposa khoma lenilenilo, chifukwa khoma lapakidwa ndi rola kambirimbiri ndipo lili ndi timatuza ngati khungu la lalanje. Mukapaka ndi bulashi, malowo amaoneka ngati chipsera. Pakani primer ndi penti woyamba ndi karola kakang'ono, kuti chigamba chitengere khungu la anzake.

Mtundu ndiye mutu waukulu. Zoyera zilipo zambirimbiri, ndipo ngakhale landilodi atakupatsani chitini chomwecho chimene anapakira, wa pakhoma anasuluka ndi dzuwa la kuno ndi utsi. Ngati chitini palibe, dulani kachidutswa ka penti kokula ngati ndalama ya R5 pamalo obisika, mupite nako kumene amasakaniza penti wa Plascon kapena Dulux, akakayeze pamakina. Adzayandikira kwambiri, koma kufanana ndendende n'kwamwayi. N'chifukwa chake ine sindikonda kupaka tizigambazigamba. Ndimapaka khoma lonselo, kuchokera pakona kukafika pakona, kawiri. Pakona kuwala kumasintha kale, ndiye diso silizindikira kusiyana pang'ono pakati pa khoma ili ndi linzake. Penti wosanyezimira amakhululuka zambiri, wonyezimira sakhululuka. Ndipo m'nyengo yozizira musayambe m'mamawa. Zitini zambiri zimaletsa kupaka kukazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, pamene m'June ndi m'July kuno kumacha madzi ataundana pagalasi la galimoto, chisanu choposa cha ku Dedza. Dikirani dzuwa likwere, makamaka pakhoma loyang'ana kummwera limene siliona dzuwa nyengo imeneyo, ndipo mumalize kusanazizirenso.

Popeza ambiri amene amandiimbira nkhawa yawo ndi dipoziti, ndimawauzanso za lamulo la Rental Housing Act la 1999. Limati landilodi ndi mlendi ayendere nyumba limodzi mlendi asanalowe, n'kulemba zowonongeka zimene zilipo kale, ndipo ayenderenso limodzi mkati mwa masiku atatu mgwirizano usanathe. Dipoziti imayenera kusungidwa ku akaunti yobala chiwongoladzanja. Ngati palibe chowonongeka ndi ngongole, ibwezedwe pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, landilodi amachotsapo mtengo woyenerera, yotsala n'kubweza pasanathe masiku 14 mutamubwezera nyumbayo, ndipo muli ndi ufulu woona malisiti. Akapanda kuyendera nyumbayo inu mulipo, lamulo limatenga ngati wavomereza kuti ili bwino. Kukalamba kwa penti chifukwa cha zaka si mlandu wanu, koma mabowo a TV ndi anu. Mukasemphana, kuli Gauteng Rental Housing Tribunal, kumene madandaulo amamvedwa kwaulere. Werenganinso pepala la mgwirizano, chifukwa ena amalemba kuti simuloledwa kupenta kapena kusintha mtundu popanda chilolezo.

Mlongo wina wa kutchalitchi kwathu anandiitana mwezi wathawu ku Turffontein, atamata yekha mabowo asanu ndi limodzi a mashelefu motsatira zimene ndinamuuza pafoni. Anayamba Lolemba, kudzaza kawiri, Lachitatu kukwecha ndi kupaka primer, Lachinayi ndi Lachisanu penti. Ndinafika Lachisanu madzulo, ndinamupempha atseke makatani, n'kugoneka tochi pakhoma monga anachitira amalume. Ndinayenda nayo kuchokera pazenera mpaka pachitseko. Ndinapezapo asanu okha, movutikira, nditachita kugunditsa tsaya kukhoma.

"Lachisanu ndi chimodzi lili pati, achemwali?"

Anayang'ana khomalo kwa kanthawi, kenako anatulutsa foni kuti aone pachithunzi cha Lolemba.